Kodi mapuloteni opitirira magalamu 30 amangothera m'chimbudzi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene ayamba kumene kunyamula zitsulo. Akuti amalemera makilogalamu 70, ndipo chifukwa cha ntchito amadya mokhuta kawiri kokha pa tsiku, masana ndi usiku. Mnzawo wa ku jimu wawauza kuti thupi limangolandira magalamu 30 a mapuloteni pa chakudya chimodzi, otsalawo amangodutsa. Ndiye afunsa kuti, "Kodi nkhuku ndimadya usiku ija ndikungotayirapo ndalama?"

Achimwene, mtima m'malo, ndalama zanu sizikutayika. Mnzanuyo wasakaniza nkhani ziwiri: kuchuluka kwa mapuloteni amene matumbo amayamwa, ndi kuchuluka kwa amene minofu imamangira pa nthawi imodzi.

Ya kuyamwayo njosavuta. Mapuloteni akafika m'chifu ndi m'matumbo aang'ono amaphwanyidwa n'kukhala tizidutswa ting'onoting'ono totchedwa ma amino acid, ndipo amenewa ndi amene amalowa m'magazi. Kwa munthu wathanzi, pafupifupi onse a mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka amalowa ndithu. Mukadya zambiri, chifu chimangotulutsa chakudyacho pang'onopang'ono, ntchito n'kutenga maola ochulukirapo. Basi.

Nanga nkhani ya malireyi inachokera kuti? Mu 2009, Daniel Moore ndi anzake a ku yunivesite ya McMaster ku Canada anapatsa anyamata mapuloteni a mazira atangomaliza kulimbitsa miyendo. Anapeza kuti magalamu 20 anali okwanira kufulumizitsa kumanga minofu, ndipo kuwonjezera mpaka 40 sikunasinthe zambiri. Nkhaniyi inafala m'majimu, koma pofalapo inasiya m'mbuyo zinthu zofunika: anyamatawo anali 6 okha, analimbitsa miyendo yokha, ndipo anawayeza kwa maola anayi basi. Mu 2016 ofufuza a ku Stirling ku Scotland anayesa anthu amene analimbitsa thupi lonse, ndipo apa magalamu 40 anaposa 20.

Kafukufuku amene anandikhutiritsa ine ndi wa mu 2023, wa Jorn Trommelen ndi anzake ku Maastricht m'dziko la Netherlands. Iwowa anapatsa gulu lina magalamu 25 a mapuloteni a mkaka, lina magalamu 100, n'kudikira maola 12 athunthu. Amene anamwa 100 aja, thupi lawo linapitiriza kugaya, kuyamwa ndi kumanga minofu kwa nthawi yaitali kuposa anzawo. Ofufuza akale aja anali ngati munthu amene wavundukula mphika nyemba zisanapse n'kunena kuti siziphikika.

Tsono tiwerengere za inuyo. Kafukufuku wambiri ataphatikizidwa mu 2018, zinaoneka kuti wonyamula zitsulo amapindula mpaka pa magalamu pafupifupi 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku. Kwa inu a makilogalamu 70, amenewo ndi magalamu 112. Chaka chomwecho ofufuza Brad Schoenfeld ndi Alan Aragon analangiza kugawa mlingowu kanayi, kutanthauza magalamu 28 pa chakudya chilichonse kwa munthu wa thupi ngati lanu. Mwaona kuti nambalayi yayandikana ndi 30 ya mnzanu uja? Koma iwo ankanena za kagawidwe kabwino, osati mpanda woti mukaudumpha zonse zatayika. Kwa ine chachikulu n'choti tsiku likamatha 112 uja akhale atakwana. Kugawa kumathandiza, koma kumabwera pambuyo.

Chimene chikundikayikitsa pa kadyedwe kanu si nkhuku ya usiku ayi, koma m'mawa. Tiyi ndi buledi, kenako mpaka masana. Ndipo tisanamizane, mbale zathu zambiri ndi phiri la nsima ndi kandiwo ka m'mphepete. Mukagawa 112 uja pa zakudya zanu ziwirizo, ndiye magalamu 56 pa mbale imodzi, ndipo amenewo si masewera. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha. Nyama ya pachifuwa cha nkhuku yophika yolemera magalamu 100 ili ndi pafupifupi 30, nyemba zophika zolemera chimodzimodzi zili ndi 9, mtedza 25, pamene kapu ya mkaka ili ndi 8. Masoya pisi ouma, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mapuloteni, ndipo usipa wouma nawo suchepa, pamtengo woti thumba silidandaula kwambiri.

Ndikanakhala inu, ndikanasiya chakudya cha masana ndi cha usiku mmene zilili, n'kuwonjezera mazira atatu ndi kapu ya mkaka m'mawa. Amenewo ndi magalamu 26 kale. Mtedza wokazinga wodzaza dzanja muzinyamula m'thumba, muzitafuna cha m'ma 4 koloko.

Mazirawo muziphika, chonde. Ndimaona anyamata akuswera mazira aawisi m'kapu n'kugugudiza, nkhope itachita makwinya, poganiza kuti mphamvu zili m'menemo. Ofufuza a ku Leuven ku Belgium anapeza mu 1998 kuti thupi limayamwa pafupifupi 91 peresenti ya mapuloteni a dzira lophika, koma laliwisi 51 peresenti yokha. Ngati pali penapake pamene mapuloteni amatheradi m'chimbudzi, ndi pamenepo. Ndipo ngati muli ndi vuto la impso, musawonjezere chilichonse musanaonane ndi adokotala.