Kwa azakhali, za chifuwa cholemera chija

Eee, azakhali, mwaswera bwanji? Ndamvera uthenga wanu uja, woti chitisiyireni ankolo chifuwa chimakulemerani, mtima umagunda kwambiri makamaka mukakhala mu minibasi, ndiye mukufunsa ngati ndi matenda kapena maganizo chabe.

Mawu oti "chabe" amenewo muwachotse kaye. Munthu akakhala pachisoni kapena mantha, thupi limatulutsa timadzi tina m'magazi totchedwa adrenaline, mtima umathamanga, kupuma kumakhala kwapamwambamwamba, m'mimba mumamanga. Sikuti mukudzinamiza ayi.

Ndiye tayesani izi. Madzulo mukatha kutsuka mbale, khalani pamkeka pakhonde, foni ikhale kutali. Dzanja muike pomwe pakulemerapo. Musalimbane napo kuti pachoke, ingopamverani. Ndi pati penipeni, pakhosi kapena pansi pa nthiti? Pakutentha, kapena pakufinya? Kenako mupafunire dzina. Mwina munena kuti "mantha", osasintha kanthu. Munena kuti "ndatsala ndekha", mungomva mpweya ukutuluka wokha, mapewa atsika, mwina misozi. Pamenepo ndiye mwalasa. Isiyeni ituluke, anawo akuoneni, palibe chamanyazi. Popuma muziwerenga mpaka 4 pokoka mpweya, mpaka 6 potulutsa, chifukwa kutulutsa pang'onopang'ono kumachepetsa liwiro la mtima.

Za minibasizo, aaa, mundikhululukire, koma taonetsetsani kuti zimayamba mukafika pati. Si pa Ginnery Corner paja munkatsikira ndi phala m'mamawa popita kukawaona ankolo kuchipatala? Ine ndikukayikira pamenepo.

Komano azakhali, apa ndiye mumvetsetse. Pali zina zomwe thupi silinena. BP imatha kukwera munthu osamva kalikonse, ndipo kwathu kuno mukudziwa kuti ilipo. Mukayezetse kuchipatala cha ku Ndirande konko. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa, imafuna adokotala, kupuma kokha sikungaitsitse. Shuga akakuyezeninso. Mtima mutha kuuwerenga nokha, zala ziwiri pamkono pafupi ndi chala chachikulu. Mutakhala phee, umayenera kugunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi imodzi.

Ndipo tsiku lina ululu ukadzafika kumkono kapena kunsagwada, thukuta lili kamukamu, mpweya ukubanika, musadzakhale pamkeka n'kumamvetsera. Ndi ku Queens nthawi yomweyo, ngakhale usiku, mudzandiimbire muli panjira.

Lolemba m'mawa ndilibe ntchito, ndidzakutengani tipitire limodzi. Buku lanu lakuchipatala lija mulifuniretu.