Kodi kuwonjezera gasi mu eyakoni kumapulumutsa mayunitsi a magetsi?

Bambo wina amene ali ndi nyumba yogona alendo kufupi ndi Monkey Bay wanditumizira imelo. Akufunsa ngati kuwonjezera gasi m'maeyakoni ake kungachepetse mayunitsi a ESCOM amene amatha msanga mu Okutobala ndi Novembala, kapena ngati ndi bwino kungogula maeyakoni a inverter, amene amatha kusintha liwiro logwirira ntchito.

Bambo, eyakoni imangonyamula kutentha kwa m'chipinda n'kukakutaya panja, ndipo chonyamulira chake ndi gasi amene kompuresa, yomwe ndi pampu ya eyakoni, imamuzungulitsa m'mapaipi. Zonse zikakhala bwino, yuniti imodzi ya magetsi imatha kusamutsa kutentha kokwana mayunitsi atatu kapena kuposerapo. Komatu gasiyo satha ngati mafuta a galimoto. Akachepa ndiye kuti akutuluka penapake, choncho mmisiri ayenera kupeza pobowokapo, kutseka, kenako n'kuthira pa sikelo mlingo umene unalembedwa pambali pa makina a eyakoni amene amakhala panja pa nyumba.

Gasi akapelewera mudzaona mapaipi atayera mbee ndi madzi oundana pomwe chipinda chikadali chotentha, ndipo kompuresa imatentha mopyola muyezo chifukwa gasi wobwerera ndi amene amaiziziritsa. Akachulukanso, kompuresa imakankha movutika, imakoka magetsi ambiri, ndipo gasi amene akadali wamadzimadzi, asanasanduke mpweya, akhoza kuilowa n'kuiwononga. Chimene chimandiwawa mtima ndi kuona mmisiri akuthira mongoyerekeza, mwinanso kusakaniza mitundu yosiyana ya gasi, monga R22 ndi R410A kapena R32, zomwe siziyenera kuchitika.

Nkhani ya inverter ndi ina. Kompuresa wamba imangodziwa kuyenda ndi mphamvu zonse kapena kuzima, ndipo kuyakazima kumeneku kumataya magetsi. Ya inverter imachepetsa liwiro chipinda chikazizira, ndipo m'makina ambiri amtunduwu valavu yamagetsi imasintha kayendedwe ka gasi mogwirizana ndi liwirolo, kotero kuti ntchito imachitika ndi magetsi ochepa. Phindu lake limaoneka makamaka usiku, alendo akagona ndipo kunja kwayamba kuzizirirako. Masana a Okutobala kuno ku Mangochi, makina onse amayenda ndi mphamvu zonse ndipo kusiyana kumakhala kochepa.

Musanagule chilichonse, tsukitsani fumbi la pa makina apanja aja, muwatchingire dzuwa popanda kutsekereza mphepo, ndipo mmisiri ayeze gasiyo. Eyakoni imene idzayambe kutha ndi imene mudzaisinthe ndi ya inverter, koma ikhale ya mphamvu yolingana ndi kukula kwa chipinda.