Makope awiri a environment ya U-Boot sayenera kufanana

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo yodandaula kuti pa bolodi yake, yomwe imasunga environment (mndandanda wa zoikamo) ya U-Boot, pulogalamu yomwe imadzutsa Linux bolodi ikayatsidwa, mu chipu chosungira deta cha SPI NOR flash, akasintha bootargs (malangizo omwe U-Boot amapereka kwa Linux poyatsa) pogwiritsa ntchito lamulo la fw_setenv ali mu Linux, kusinthako kumasowa akayatsanso makinawo. Atayerekeza makope awiri a environment wapeza kuti ndi osiyana, ndipo akufunsa ngati kuli bwino kukopera limodzi pamwamba pa linzake ndi dd, lamulo la Linux lokopera mabayiti.

Chonde musatero, chifukwa kusiyanako si vuto ayi. Mukalamula saveenv kuti musunge environment, U-Boot salemba makope onse awiri nthawi imodzi, koma amafufuta ndi kulemba kope lomwe silikugwiritsidwa ntchito, n'kusiya linalo osalikhudza mpaka kulembako kutatha, kuti magetsi akathima pakati pa ntchitoyo pakhale potsamira. Kope lililonse limayamba ndi mabayiti 4 a CRC32 (nambala yotsimikizira kuti deta sinawonongeke), kenako bayiti imodzi yosonyeza lomwe lili latsopano. Pa NOR bayitiyi imakhala 1 pa kope logwira ntchito ndi 0 pa lakale, pomwe pa mitundu ina ya flash, NAND ndi eMMC, imakhala nambala yomwe imakwera nthawi iliyonse mwasunga.

Ine ndikukayikira fayilo ya /etc/fw_env.config, yomwe imauza fw_setenv pomwe makopewa ali. Ngati muli mzere umodzi wokha, fw_setenv amaganiza kuti kope ndi limodzi, motero sawerengera bayiti yachisanu ija. Zikatero amachenjeza za "Bad CRC", n'kulemba kope loyamba m'kayalidwe komwe U-Boot sakuvomereza. U-Boot akadzuka amapeza kuti CRC ya kopelo ndi yolakwika, amalitaya, n'kutenga lachiwiri lomwe lili ndi bootargs zakale zija. Apa ndi pomwe kusintha kwanu kukuthera.

Lembani mizere iwiri m'fayiloyo, woyamba wogwirizana ndi CONFIG_ENV_OFFSET, wachiwiri ndi CONFIG_ENV_OFFSET_REDUND (zoikamo za U-Boot zosonyeza pomwe kope lililonse layambira). Kukula kwa kope komwe mwalemba pa mzere uliwonse kufanane ndendende ndi CONFIG_ENV_SIZE, popeza CRC imawerengedwa pa dera lonselo, kuphatikizapo malo opanda kanthu. Onetsetsaninso kuti makopewa sali mu sector (chigawo cha flash) imodzi, chifukwa flash imafufutidwa sector yathunthu, ndipo kufufuta limodzi kungaphe onse awiri.

Mukakonza, lowani mu U-Boot, onani ndi printenv kuti zonse zili bwino, ndipo mulamule saveenv kawiri kuti makope onse akhale ndi CRC yabwino. Kenako bwererani mu Linux, ndipo musalembe chilichonse mpaka fw_printenv, lamulo loonetsa environment mu Linux, atasonyeza zomwezo popanda chenjezo.