Mukuwerenga masiku a amuna anu, nanga eni ake mwawauza?

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 54, ndimakhala ku Rosettenville. Bambo a kunyumba ali ndi zaka 63, ndi telala ku Fordsburg, ndipo tinabwera kuno ku Joni mu 2009 kuchokera ku Ntcheu. Chaka chatha anayamba kudandaula msana komanso kuvutika pokodza. Kuchipatala anawapeza ndi khansa ya prostate, kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo, ndipo akuti yafalikira kale m'mafupa a msana ndi a m'chiuno. Pano amabayidwa jakisoni miyezi itatu iliyonse. Kwa adokotala ndimalowa nawo ndine chifukwa Chingerezi cha kuchipatala chimawavuta, ndiye ndimangowauza kuti akuti zikuyenda bwino. Vuto langa ndi alamu anga, achemwali awo. Chiwauzireni za matendawa, akuimba foni tsiku lililonse kuti nditumize makiyi a nyumba imene tinamanga ku Ntcheu, mpaka akuti ndawalodza ndine. Usiku sindigona, ndimangofufuza pa foni. Pena alemba zaka ziwiri, pena zisanu. Ndiuzeni zoona, atsala ndi nthawi yaitali bwanji? Ndiwabweze kumudzi? Nanga alamuwa ndiwatani?

Mayi wothedwa nzeru, Rosettenville

Mayi,

Za alamu anuwo tithane nazo msanga, chifukwa sayenera kutidyera nthawi. Makiyi musatumize. Lamulo la chuma cha masiye la ku Malawi la 2011 limaika patsogolo mkazi ndi ana, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Komanso mwini nyumba ali moyo, akusoka mathalauzi ku Fordsburg. Foni yawo muziyankha kamodzi pa sabata, mwaulemu, basi.

Ine chandiimitsa mutu ndi kachiganizo kamene mwakaponya pakati ngati kopanda ntchito: "ndimangowauza kuti akuti zikuyenda bwino." Mayi, mwaona chimene mwachita? Alamu anu ku Ntcheu akudziwa kuti khansa yafika m'mafupa. Ine, mlendo, ndadziwa. Sindikukayika kuti amayi a mvano kutchalitchi kwanu akupemphera akudziwa. Munthu mmodzi yekha amene sanauzidwe ndi mwini mafupawo. Adokotala amalankhula zoona, zoonazo zimathera m'khutu mwanu, bambo n'kulandira phala lozizira. Kenako inu usiku mukuwerengera masiku awo pa foni, iwo ali m'tulo pambali panu.

Manambala mukuwafunawo ndikuuzani. Ambiri amene mukuwapeza pa intaneti ndi a ku America. Kumeneko, khansa imeneyi ikapezeka isanatuluke mu prostate, pafupifupi onse amakhala adakalipo pakatha zaka 5. Ikapezeka itafalikira kutali, monga m'mafupa, amene amafika zaka 5 ndi pafupifupi mmodzi mwa atatu. Ndi nambala yowawa, sindiipaka shuga. Koma ndi nambala ya khamu la anthu: muli agogo a zaka 85 odwalanso mtima, muli amene khansa inafika kuchiwindi, muli amene anadwala mankhwala atsopano asanabwere. Mukaona palembedwa kuti "median" zaka zakutizakuti, akutanthauza munthu wapakati pa mzere. Theka la anthuwo anapitirira pamenepo, ena anapitirira kutali. Foni yanu siyinawaonepo bambo a kunyumba kwanu.

Amene angayerekeze bwino ndi adokotala awo, ndipo amayang'ana zinthu zodziwika. Khansa imeneyi imadya testosterone, mahomoni aumuna. Jakisoni wa miyezi itatuyo amatseka mpopi wa mahomoniwo, khansa n'kufooka ndi njala. Kwa ambiri zimagwira kwa chaka kapena zaka zingapo, kenako khansa imaphunzira kukula popanda chakudya chimenecho, ndipo apo amawonjezera mankhwala ena monga docetaxel kapena abiraterone. Masiku ano ena amawayambitsa mankhwala amenewa limodzi ndi jakisoni. Ndiye funsani: PSA, nambala ya m'magazi yosonyeza mmene khansayi ikuyendera, inali pati poyamba, yatsika kufika pati? Gleason yawo ndi ingati, pakuti imayambira 6 kufika 10 ndipo ikakwera ndiye kuti khansayo ndi yaukali? Ili m'malo angati m'mafupa, ndipo chiwindi ndi mapapo zili bwanji? Mayankho amenewa ndi amene amanena za nthawi. Ndipo ayenera kuwamva ndi makutu awo.

Ndikudziwa chimene mungandiyankhe, chifukwa tonse tinakulira momwemo: wodwala sauzidwa, angafe ndi maganizo. Ine mwambo umenewu ndinadana nawo kalekale ndipo sindidzaleka kuunena. Malume anga anadwala kumudzi ndili mtsikana. Akuluakulu ankanong'onezana pakhonde, akalowa m'nyumba n'kumati "mwawalatu lero, mawa mudzuka." Anamwalira osaloza malire a munda, osayanjana ndi mwana wawo woyamba amene anakangana naye, ndipo mlandu wa munda umenewo unatidya zaka. Chimene chimandipweteka mpaka lero ndi chakuti masabata awiri asanatisiye anapereka njinga yawo kwa mdzukulu. Ankadziwa. Ankangosewera nafe sewero lathulo kuti asatikhumudwitse, ndipo anafa okha pakati pa khamu la abale.

Timati tikuteteza wodwala, koma kawirikawiri timadziteteza tokha. Kunena zoona kumafuna kuti ukhale pamphasa, umuyang'ane m'maso, ulire naye, ndipo zimenezo n'zolemera kuposa kunena kuti zikuyenda bwino. Mwamuna wa zaka 63 amene anawoloka Zobue, Nyamapanda ndi Beitbridge, n'kumanga nyumba ndi makina osokera, mukumuyesa mwana? Thupi ndi lawo. Akuona thukuta la usiku, akuona kutopa, akuonanso kuti kuchipinda zinthu zinasintha, pakuti jakisoni ameneyu amagwetsa mwamuna mu mpapaya. Ngati palibe anawafotokozera kuti ndi mankhwala akuchita zimenezo, akuganiza chiyani? Mwina akuganiza kuti mwayamba kuwanyansidwa. Mwinanso nkhani ya ufiti ya achemwali awoyo yayamba kuwalowa, chifukwa pamene zoona zabisidwa, mabodza ndi amene amayala mphasa.

Taonani akuluakulu a dziko lino. Desmond Tutu anapezeka ndi khansa yomweyi mu 1997, anauza dziko lonse, ndipo anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 90. Hugh Masekela analimbana nayo kuyambira 2008 mpaka inamutenga mu January 2018 konkuno ku Johannesburg. Sindikunena kuti bambo adzafika zaka zimenezo, matenda a anthu safanana. Ndikunena kuti anthu amenewa ankadziwa chimene chili m'thupi mwawo, n'kukonza zaka zawo okha. Telala wa ku Fordsburg ali ndi ufulu womwewo. Mwina akufuna kukaona manda a mayi awo miyendo idakali yolimba. Mwina ali ndi ngongole imene inu simukuidziwa, kapena mawu oti auze ana. Wilo angalembe bwanji munthu amene akuuzidwa kuti akuchira? Wilo imeneyo ndi imene ingatseke pakamwa alamu anu kuposa ine ndi inu. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Funso loti muwabweze kumudzi si lanu nokha, ndiye sindiyankha iwo kulibe. Ndingoti musananyamuke mufunse kumene jakisoni wotsatira adzabayidwire, mutenge mapepala onse a kuchipatala, ndipo mudziwe kuti ulendo wa basi wa masiku awiri ndi wowawa kwa munthu wodwala msana. Ululu asaupirire: kuli morphine, kulinso kuwotcha ndi makina pa fupa lopwetekalo. Kuno mabungwe a HospiceWits ndi CANSA amathandiza mabanja otere, ku Blantyre kuli kiliniki ya Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth. Koma miyendo ikayamba kufooka kapena kuchita dzanzi, kapena mkodzo ukatsekeka, musadikire tsiku la kiliniki. Pitani tsiku lomwelo, chifukwa khansa ikapanikiza mtsempha wa msana munthu atha kupuwala m'masiku ochepa. Ngati muli ndi ana aamuna amene afika zaka 40, akayezetse PSA, pamodzi ndi achimwene a bambo, poti matendawa amakonda kutsata magazi ndipo amagwira kwambiri amuna akuda.

Tsopano ntchito yanu. Musawakhuthulire zonse ngati ndowa. Madzulo ena mukatha kudya, foni mutazimitsa, muwafunse kuti, "Bambo, inuyo matendawa mukuwaona bwanji? Mukufuna adokotala akuuzeni zonse, kapena pang'onopang'ono?" Akati sakufuna kumva, chimenecho ndi chisankho chawo, muchilemekeze. Akati akufuna, muvomere kuti munkachepetsa mawu chifukwa cha mantha, mupepese. Tsiku la kiliniki mupemphe adokotala alankhule nawo mwachindunji, pang'onopang'ono, kapena aitane namwino wolankhula Chizulu, ngati bambo Chizulu amachimva. Inu mukhale pampando wapambali, muwagwire dzanja, pakamwa mutseke.

Azakhali