Vitz ikunjenjemera ikaima: kodi injini yatha?

Mayi wina wa ku Zomba wandilembera imelo. Akuti: "Ndili ndi Toyota Vitz ya 2009, ya injini yaing'ono ija. Pamsewu imayenda bwinobwino, koma ndikangoima phazi lili pa buleki, chiwongolero ndi mpando zimanjenjemera mpaka ana kumbuyo amadandaula. Makaniko wandiuza kuti injini yatha, tiyitsitse. Kodi ndivomere?"

Mayi, musavomere msanga. Injini yotha simabisala: imadya oyilo, imatulutsa utsi wabuluu, ndipo chitunda cha ku Chawe imakwera mwa befu. Zonsezi simunazitchule. Ndiye musanagule ngakhale pulagi imodzi, tiyeni tidziwe kaye ngati injiniyo ikumisa (kutanthauza kuti petulo sakupsa bwino nthawi zina m'kati mwake), kapena ikulira bwino koma kunjenjemera kwake kukungolowa m'galimoto.

Vitz yanu ili ndi injini ya 1KR-FE, ya 996cc, yomwenso imapezeka mu Passo. Ili ndi mapisitoni atatu, osati anayi ngati ya Sienta kapena Corolla, ndipo injini ya mapisitoni atatu imagwedezeka mwachibadwa. Chimene chimakutetezani ndi ma mounting, malabala okhuthala amene injini imakhalapo. Galimoto yomwe inayenda zaka zambiri ku Japan, n'kutsika sitima ku Dar es Salaam, kenako n'kuyamba kulimbana ndi maenje a m'misewu yathu, malabala ake amauma, kung'ambika ndi kutitimira.

Yesani izi injini itatentha. Pondani buleki, ikani giya pa D, mumve kunjenjemerako, kenako mubwezere pa N. Ngati kwachepa kwambiri koma kulira kwa injini kuli kosalala, kosadumphadumpha, ganizirani ma mounting. Wina atsegule boneti, aime chammbali, osati kutsogolo, handibuleki mutakoka, ndipo inu musinthe kuchoka pa D kupita pa R. Injini ikadumpha kapena kumveka "gu!", labala latha. Vutoli mapulagi atsopano sangalithetse, ndipo anthu ambiri ataya ndalama zawo pamenepa.

Kumisa kumamveka mwina. Pitani kumbuyo mumvetsere ku ekizozi. Injini yabwino imapuma mofanana, pomwe yomisa imachita "pu-pu-pu… pu", ngati munthu wa ntchofu ya m'khosi yemwe akulephera kumaliza mawu. Ikatentha imayenera kukhazikika pakati pa 600 ndi 800 rpm (maulendo amene injini imazungulira pa mphindi imodzi). Ma Vitz ambiri aang'onowa alibe muvi woonetsa zimenezi, koma makina a diagnosis, amene makaniko amalumikiza ku kompyuta ya galimoto, amaonetsa. Ndipo ngati kanyale ka check engine kakuthwanimathwanima, musamayendetse galimotoyo mtunda wautali, chifukwa petulo wosapsa amakaotcha catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi mu ekizozi, chomwe mtengo wake ndi wowawa.

Pa makinawo, nambala ya P0301 ikutanthauza kuti ikumisa ndi silinda (chibowo momwe mumayenda pisitoni) yoyamba, P0302 yachiwiri, P0303 yachitatu. P0300 ndiye kuti kumisako kukungoyendayenda. Makaniko wabwino akaona P0302 sathamangira kusitolo. Amachotsa koyilo (kachipangizo kopereka moto ku pulagi) ya silinda yachiwiri n'kuisinthanitsa ndi ya yoyamba, amafufuta nambala ija, n'kulizanso injini. Nambala ikasamukira ku P0301, koyiloyo ndiye yafa, ndipo mugula imodzi yokha. Ikakhala pomwepo, amasinthanitsanso mapulagi, kenako n'kuona injector, kachipangizo kopopera petulo m'injini. Ntchito imeneyi simadya ndalama, imangofuna munthu wodekha.

Pulagi ikatuluka muyione nokha. Kumutu kwake kukakhala kofiirira mopepuka ndi kouma, ili bwino. Kukakhala kwakuda ndi mwaye, petulo akuchuluka kapena moto ndi wofooka. Mukapeza oyilo atadzadza m'dzenje momwe mumalowa koyilo, gasiketi ya chivundikiro cha pamwamba pa injini ikudontha, ndipo idzaphanso koyilo yatsopanoyo mukapanda kuisintha. Pogula mapulagi chenjerani, pakuti abodza olembedwa Denso kapena NGK ali mbwee pamsika. Mtengo ukatsika modabwitsa, asiyeni.

Koma pa injini ya 1KR imeneyi, chomwe ine ndimachikayikira kwambiri ndi mwaye. Ili ndi valavu ya EGR imene imabwezera utsi pang'ono m'injini, ndipo pakapita zaka mwaye wosakanikirana ndi nthunzi ya oyilo umamatirira m'valavumo, m'njira zolowera mpweya ndi mu throttle body, pomwe pali kachitseko kolowetsa mpweya m'injini. Galimoto ikaima, kachitseko ka throttle kamakhala kotseguka pang'ono zedi, ndiye litsiro lochepa chabe limakwana kuitsamwitsa injini. Mukaponda moto kachitseko kamatseguka kwambiri, vuto n'kubisala. N'chifukwa chake pamsewu simumva kanthu. Galimoto yongozungulira m'tauni, kunyumba, kusukulu ya ana ndi kumsika, imadzadza mwaye msanga. Mankhwala ake ndi kumasula valavuyo ndi throttle body, kutsuka ndi throttle cleaner ndi kansalu, osakankha kachitseko mwamphamvu poti kamayendetsedwa ndi kamota. Mukabwezera, kompyuta ya galimoto imafuna kanthawi kuti izolowerenso, choncho musadabwe injini ikayamba yalira mokwera.

Onaninso mapaipi a labala olowetsa mpweya. Lina likang'ambika mumamva kamluzu, ndipo makina amaonetsa P0171. Fyuluta ya mpweya nayo, ndi fumbi la mu Okutobala, isadikire kuti ichite kuda bii.

Funso limodzi ndikufunseni, mayi: kodi kunjenjemeraku kunayamba mutathira petulo wa m'zigubu pa nthawi yomwe mafuta ankasowa? Petulo wotere nthawi zina amakhala ndi madzi kapena parafini. Ngati ndi choncho, yambani ndi kukhuthula thanki.

Za kutsitsa injini zibwere pamapeto penipeni, ndipo pakhale umboni. Muuzeni makanikoyo ayeze compression (mphamvu yopanikizira mpweya) ya masilinda onse atatu inu mukuona, alembe manambala papepala. Akakhala oyandikana ndiponso osatsika kuposa mlingo wa m'buku la injiniyo, injini yanu ili moyo. Imodzi ikatsika kwambiri, athire timadontho ta oyilo m'silindamo n'kuyezanso: nambala ikakwera ndiye kuti ma ring a pisitoni atha, ikapanda kusintha vuto lili ku mavalavu kapena ku gasiketi ya hedi. Akakana kuyeza, tengani galimoto yanu mupite nayo ku galaja ina.