Re: Alonda a pa tchalitchi akagwira wakuba

Achimwene, mwafunsa ngati alonda anu ku Area 25 angamumenye wakuba akamugwira komanso ngati mpingo ungawagulire mfuti. Kumenya ayi ndithu, chonde. Malamulo amalola munthu wamba kugwira wakuba amene wamupeza akuba, koma akuyenera kumupereka kupolisi msangamsanga osachedwa, inuyo polisi yapafupi ndi ya pa Kanengo. Akamuvulaza kapena anthu akasonkhana nkuyamba kumugenda, mlandu umatembenukira alondawo ndipo akuluakulu a mpingo nawonso mudzaitanidwa kukafunsidwa, zimandipweteka kwambiri kuona zoterezi zikuchitika pa bwalo la nyumba ya Mulungu.

Za mfuti zisiyeni, popanda laisensi ya apolisi ndi mlandu waukulu. Wezulo, tochi yabwino ndi foni yokhala ndi mayunitsi zimathandiza kwambiri, komanso mudziwane ndi a community policing a mdera lanulo.

Chinanso, ndalama za chopereka zisamagone mu ofesi, zipite ku banki kapena anthu azipereka pa Airtel Money ndi Mpamba. Zitseko zonse zizikhala zosakhoma nthawi ya mapemphero kuti moto ukabuka anthu athawe bwino. Mlondayo mulembereni kontilakiti ndipo muzimulipira pa nthawi yake, akavulala pa ntchito udindo ndi wanu.