Kodi munthu wa mtima wofooka angayezedwe akupalasa njinga?

FUNSO: Adokotala, bambo anga ali ndi zaka 64 ndipo anawapeza ndi vuto la kufooka kwa minofu ya mtima. Atawajambula mtima ali chigonere, madokotala anati valavu imodzi ikuchucha pang'ono chabe, komabe iwo akangokwera masitepe ochepa amachita befu mpaka kukhala pansi. Tsopano akuti akawayezenso akupalasa njinga. Kodi kupalasitsa njinga munthu wa mtima wofooka si kumuika pangozi? Ndine mwana wawo wodandaula.

YANKHO: Nkhawa yanu ndi yomveka, koma zimene mwafotokozazi ndizo zikuchititsa kuti kuyezako kufunike. Valavu imene imachucha kawirikawiri pa matenda amenewa ndi ya mitral, yomwe ili pakati pa zipinda ziwiri za kumanzere kwa mtima. Ili ndi tizitseko tiwiri tomangiriridwa ndi tizingwe ku minofu ya chipinda cham'munsi, ndipo minofuyo ikafooka chipindacho chimafutukuka, tizingwe timakokeka, moti tizitseko tija, ngakhale tili tabwinobwino, timalephera kukumana. Mtima ukapopa, magazi ena amabwerera cha kumapapo m'malo mopita m'thupi.

Kuchucha kotereku sikukhala chimodzimodzi nthawi zonse. Munthu akagona phee pabedi la chipatala mtima sulemedwa, ndipo makina angaonetse kuti vutolo ndi laling'ono. Koma akangoyamba kukwera masitepe mpata wochuchira uja umatha kukula, magazi n'kudzazana m'mitsempha ya m'mapapo, befu n'kuyamba. Choncho dokotala afuna kuona mtimawo pa nthawi yomwe bambo anu amavutika.

Njinga yake siyenda. Wodwala amakhala chotsamira, atamatidwa timawaya ta ECG (makina oona kagundidwe ka mtima) pachifuwa ndi lamba wa BP pamkono, ndipo woyeza amagwira kachipangizo ka sikani pansi pa bere lamanzere uku akuyang'ana pakanema mmene magazi akuyendera. Nthawi zambiri amayamba ndi mphamvu ya mawati 25, yopepuka ndithu, n'kumawonjezera 25 ena pakapita mphindi ziwiri kapena zitatu, kufikira wodwalayo atatopa. Amayeza kukula kwa mpata wochuchira komanso mphamvu ya magazi mu mtsempha wopita kumapapo, yomwe ikafika 60 mmHg pa nthawi yopalasa imasonyeza kuti mapapo akulemedwa. Mu 2003, madokotala a mtima Patrizio Lancellotti ndi Luc Piérard a ku Liège m'dziko la Belgium anapeza kuti mwa odwala amene mtima unafooka chifukwa cha kutsekeka kwa mitsempha yake, amene mpatawo unkakula ndi 13 mm² kapena kuposerapo popalasa ndiwo anali pachiopsezo chachikulu cha imfa, ngakhale ena mwa iwo ankaoneka abwinoko ali chigonere.

Ngozi zikuluzikulu pa kuyezaku sizichitika kawirikawiri, chifukwa wodwala akamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire, BP ikatsika, kapena mtima ukayamba kugunda mosalongosoka, amamuimitsa nthawi yomweyo. Kunena zoona, masitepe amene bambo anu amakwera okha popanda wowayang'anira ndi amene ine ndingawaope kuposa njingayo. Komabe ngati m'masiku amenewa miyendo yatupa kwambiri, kapena akubanika ngakhale atakhala pansi, muwauze madokotala tsiku lisanafike kuti ayambe achepetsa madzi m'thupi.

Zotsatira zake zimathandiza posankha chithandizo. Poyamba amakonza mankhwala, monga bisoprolol kapena carvedilol, sacubitril-valsartan, spironolactone ndi dapagliflozin, chifukwa chipinda chija chikabwerera pang'ono kuchucha nakonso kumachepa. Zikakanika, ena amaikidwa kachipangizo kothandiza kuti mbali za mtima zizigunda pamodzi, ndipo ena amapanidwa tizitseko tija ndi kachitsulo kotchedwa MitraClip kodzera mu mtsempha wa m'ntchafu. Kafukufuku wa COAPT mu 2018 anasonyeza kuti kachitsuloka kanachepetsa imfa ndi kugonekedwa m'chipatala, pomwe wa MITRA-FR chaka chomwecho sanapeze phindu, zomwe zikutiuza kuti si wodwala aliyense amene kangamuthandize.

Patsikulo bambo anu avale zovala zomasuka ndi nsapato zosaterera, asadye chakudya chambiri kwa maola awiri kapena atatu asanayezedwe, ndipo asasiye mankhwala aliwonse pokhapokha dokotala wawo atanena.